Zaka Zanga ndi Anyamata a Chigayo

Ana anga, za ubwana wanga ku Mwase sindilemba muno. Munazimva kale kwa azakhali anu, ndipo palibe chachilendo: kulima, kuweta ng'ombe za eni, sukulu mpaka pomwe inandithera, kenako zaka za ku Chipata ndikuphunzira kukonza mawailesi pakhonde la amalume. Ndiyambira pa ntchito yanga yoyamba yolembedwa, chifukwa ndi imene mumandifunsa kawirikawiri, ndipo nthawi zonse ndimakuyankhani mwachidule.

1991, pa boma

Bungwe la alimi la m'boma lathu linali ndi holo pafupi ndi msika wa Lundazi. M'holomo munali masipika awiri aatali ngati munthu, ampu imodzi yokuzira mawu, choimbira makaseti, maikolofoni, ndi jenereta yomwe inkalira ngati ikutsamwa. Ntchito yanga inali yosamala zonsezi. Mkati mwa sabata ndinkakuza mawu pa misonkhano ya feteleza ndi ya mitengo ya chimanga, ndipo Loweruka ndinkaliza disiko kuti holo izidzipezera yokha zofunika. Bwana wanga anali a Zimba, munthu wamfupi, mkulu wa mpingo, amene sindinawaonepo opanda tayi ngakhale m'kutentha kwa Okutobala. Tsiku loyamba anandizungulitsa holo yonse, n'kudzaima pa ampu, n'kuigogoda ndi chala. "APhiri," anatero m'Chinyanja chawo cha pa boma, "ivi vinthu ni vakale kupambana imwe. Vikafela m'manja mwanu, osabwela kwa ine na misozi." Ndinati ndamva. Lamulo lawo lachiwiri linali loti disiko iziyamba masana n'kutha dzuwa lisanalowe. Dizilo anali wosowa, komanso iwo sankafuna kuti kholo lina lidzawaimitse pakhomo la tchalitchi n'kuwafunsa za mwana wake wamkazi. Choncho ntchito imene anzanga a m'matauni akuluakulu ankaigwira mumdima, ine ndinkaigwira dzuwa likuswa mtengo, mazenera titatseka ndi masaka a mtedza. Tinkaliza rumba ya ku Zaire, kalindula ndi nyimbo za ku Joni, ndipo anthu ankakhutira nazo.

1992, chaka cha chilala

Chaka chimenechi mvula inatikana. Theka la holo linasanduka nkhokwe ya chimanga chachikasu cha thandizo, ndipo anthu ovina ankavina pafupi ndi matumba, mlonda atakhala pamwamba pake ndi chibonga. Dizilo wochepa amene ankabwera ankapita ku malole onyamula chimangacho. Ine ndinkabwereka mabatire a thirakitala yakufa, kuti ndizilizira disiko pamenepo. Batire ikayamba kutha, woimba ankayamba kukoka mawu ngati munthu woledzera, anyamata n'kuyamba kumenya mabenchi. Lamba wa choimbira atadukanso ndinadula mphira wa chubu cha njinga, n'kuuchepetsa ndi lezala mpaka utakwana. Sabata iliyonse ndinkalowa m'holo ndili ndi mantha kuti lero ndi tsiku limene zinthu za a Zimba zifere m'manja mwanga.

Makaseti ndinkagula kwa a Nabanda, mayi wa ku Kasungu amene ankawoloka malire ndi sopo, zitenje ndi shuga, pansi pa dengu atayala makaseti ojambulidwa ku Lilongwe. Tsiku lina anatulutsa imodzi ya chikuto chachikasu. "Achimwene, iyi palibe akuifuna. Tengani muyese, mukaikana mundibwezere." Pachikutopo panali Angelezi atatu, anyamata awiri owonda ndi mtsikana mmodzi wometa tsitsi, ataima m'munda wopanda mbewu. Dzina la gulu lawo linalembedwa mokhotakhota, ndipo palibe aliyense pa boma anakwanitsa kulitchula bwino. Nditaiika m'choimbira Lachisanu, holo ilibe anthu, ndinayesa kuti chinachake chawonongeka. Munalibe gitala, munalibe ng'oma ya chikopa, munalibe munthu wofotokoza nkhani ya chikondi. Munali kugunda kumodzi kosaleka, kothamanga, ndi timawu ta makina tikukwera pamwamba pake n'kutsika. A Zimba anatuluka mu ofesi yawo atagwira cholembera. "Ni nyimbo iyi olo ni chigayo?" Kuyambira tsiku limenelo gululo linatchedwa Anyamata a Chigayo m'boma lonse, ngakhale kuti mmodzi wa iwo anali mkazi.

Loweruka nditaiika, anthu anaima n'kumandiyang'ana. Amayi awiri anatuluka. Ndinali nditatambasula kale dzanja kuti ndiichotse pamene anyamata omaliza sukulu, aja ankakhala pa msika opanda ntchito, analowa pakati n'kuyamba kudumpha. Sankavina chiuno ngati pa rumba. Ankangodumpha maso atatsinzina, fumbi la chimanga likukwera mpaka ku malata. Anyamata amenewa anali asanadye chakudya chenicheni kuyambira dzulo lake, ndipo ndinaona kuti nyimbo ija ikuwachotsa chinthu china m'chifuwa. Kuyambira pamenepo sindinkatseka disiko osaliza Chigayo. Ndinayambanso kusaka mbiri yawo pa wailesi ya mayiko akunja, ndikumva Chingelezi chapakatikati pakati pa phokoso. Ndinamva kuti anali ana a anthu wamba, kuti kaseti yoyambayo anaipangira m'chipinda chogona cha mmodzi wa iwo, ndiponso kuti ankaimba m'mashedi ndi m'minda, apolisi n'kumawathamangitsa. Zimenezi zinandidabwitsa. Ndinkaganiza kuti ku Mangalande kulibe mnyamata wosowa pokhala.

1994, ku Mwase

Bungwe linanditumiza kwathu ku Mwase ndi zida zonse, kuti ndizikopa alimi kubwera kudzagulitsa mtedza ndi chimanga pa depoti yake, popeza ogula ena anali atayamba kuzungulira m'midzi ndi masikelo awo. Ndinapita ndi amayi anu, a Nyagondwe, ndi inu awiri oyamba. Tinkagona m'chipinda cha kuseri kwa depoti, masipika ali kumutu kwathu. Kumeneko ndi kumene a Nabanda anandipeza ndi kaseti yachiwiri ya Anyamata a Chigayo, ya chikuto chobiriwira. Iyi inali ina. Kugunda kunalipo koma kodekha, ndipo mtsikana uja ankaimba kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza, mawu ake aatali ngati a munthu woitana mnzake kutsidya la dambo. Ngakhale amayi a mvano ankagwedeza mutu akamadikira sikelo. Ndinaliza kaseti imeneyi pa maukwati ambiri mpaka tepi inayamba kuonekera kuwala. Mpaka lero ndimati pa makaseti awo onse, yabwino inali imeneyi. Pa wailesi ankati yawatchukitsa dziko lonse lapansi, ndipo asiya minda, akuimba m'mabwalo a mpira.

Koma pamene iwo ankakwera, bungwe lathu linali kufa. Malole anagulitsidwa imodziimodzi, madepoti anatsekedwa, ndipo chakumapeto kwa chaka a Zimba anabwera pa njinga kudzandiuza okha. Anakhala pa thumba la mtedza, navula tayi, naipinda bwinobwino n'kuiika m'thumba la malaya. "Vatha, aPhiri. Holo yagulitsidwa, na ivi vonse vagulitsidwa. Wagula ni Mtonga." Kenako anawonjeza kuti, "Wakamba kuti afuna na imwe. Ine siningakuuzeni kuti kanani, muli na bana. Koma muziyangana kumene mupondapo." Sindinawafunse tanthauzo lake, ndipo iwo sanapitirize.

1995, kwa a Mtonga

A Mtonga anali wamalonda wogula fodya ndi mtedza. Anali ndi magolosale atatu, lole imodzi ndi nyumba za lendi kuseri kwa msika. Anali munthu wamkulu thupi, woseka kwambiri, wodziwa dzina la mwana wa aliyense. Sabata yoyamba anandigulira choimbira chatsopano cha makaseti awiri, nandipatsa nyumba ya malata ya zipinda ziwiri kuseri kwa golosale yawo yayikulu. Amayi anu analira ndi chimwemwe ataona simenti pansi. Dizilo sanasowenso. Tinkayenda ndi lole m'misika ya fodya, kuika masipika pamwamba, anthu n'kusonkhana, iwo n'kumagula. Kunena zoona, chaka chimenecho ndi chimene munayamba kuvala nsapato.

Koma ndinaonanso zina. Telala wina amene ankasoka pakhonde la golosale anakangana nawo pa nkhani yaing'ono n'kusamukira kwa wamalonda wina. Telalayo ankakhala m'nyumba ya a Mtonga yoyandikana ndi yathu. M'mawa mwake kunabwera anyamata ndi makwerero, n'kuzula malata onse banja lili m'katimo, mwezi wa Januwale, mitambo itada. A Mtonga anaima patali akuseka ndi anthu odutsa, akuti malatawo akufuna kukafolera khola la nkhumba. Amene ankatsogolera anyamatawo anali Fakisoni, mwamuna wa zaka ngati makumi awiri ndi zisanu, wamapewa otambalala, mmodzi wa aja anayamba kudumpha m'holo chaka cha chilala. Ankandikonda. Akandiona ankakuwa ali patali kuti, "Mudala, Chigayo!" Tsiku la malata lija sanandiyang'ane kumaso.

Kumayambiriro kwa chaka chotsatira a Nabanda anabweretsa kaseti yachitatu, yakuda bii, yopanda chithunzi cha munthu. "Iyi sindinaikonde," anatero akuipereka. "Mtsikana uja mulibe. Akuti anakangana." Analondola. Anyamata awiri otsalawo anapanga chinthu chaukali. Kugunda kunali kolemera moti fumbi linkagwa pa masipika, ndipo m'malo mwa kuimba munali mwamuna wokuwa mawu amodzimodzi. Mbali yachiwiri inali ndi nyimbo imene inkayamba ndi kulira kwa belu la ngozi, kenako chete, kenako zonse n'kugwa pamodzi ngati khoma. Tsiku loyamba kuiliza, mabenchi awiri anathyoka ndipo mnyamata wina anatuluka magazi m'mphuno osadziwa amene wamugunda. Ndinayamba kuibisa, n'kumanena kuti tepi yadyedwa. A Mtonga anali ataona zonse. "Ija ya belu uisunge bwino," anandiuza tsiku lina akundisisita paphewa. "Ili na nchito."

1996, ku Magodi

Chaka chimenecho a Mtonga anaima pa mpando wa ukhansala kudera la kwawo ku Magodi. Wopikisana nawo anali a Nyirongo, mayi wopuma pa uphunzitsi, amene analibe lole kapena mowa wogawa, koma amayi a m'midzi ankawamvera chifukwa ankalankhula za masikelo obera alimi. Aliyense ankadziwa masikelo amene ankanenedwa. Ine ananditumiza kukakhala ku Magodi mwezi wathunthu ndi zida, kugona m'sitolo yawo, kuliza nyimbo pa msonkhano uliwonse. Amayi anu anatsala pa boma ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, pa iwe Tiwonge.

Tsiku lake linali Loweruka lotentha kwambiri. Tinaimika lole pabwalo la mpira m'mawa, masipika atayang'ana kumadzulo monga anandilamulira. Nditakwera pamwamba kuti ndimange mawaya, ndinaona chimene chinali kumadzuloko. Kutsidya kwa kamunda ka chinangwa kunali mitengo ya mango, ndipo pansi pake amayi ankayala mphasa. Unali msonkhano wa a Nyirongo. Ndinaganiza kuti cholinga ndi kuwasokosera basi, ndipo ngakhale sizinandikomere, zinali zinthu zimene mbali zonse zinkachita. Koma chakumasana kunabwera ngolo ya migolo ya kachasu ndi chibuku, anyamata ochokera m'midzi yakutali n'kuyamba kumwa ulere. Amayi ndi ana amene ankabwera kudzaonera nyimbo ankabwezedwa. Nditatsika kukathira dizilo mu jenereta, ndinakweza lona lomwe linali pansi pa lole, ndipo ndinapeza mitolo ya ndodo zatsopano zosadzulidwa, ndi matumba a feteleza odzaza miyala.

Fakisoni anandipeza nditagwira lonalo. Ankanunkha kachasu koma maso ake anali owongoka. "Mudala, siyani ivo. Imwe yanu ni nyimbo chabe." Ndinamufunsa kuti ndodozo n'zachiyani. Anayang'ana kumitengo ya mango, n'kunena motsitsa mawu kuti bwana akakweza chipewa, ine ndiike ija ya belu. Belu likalira anyamata atenga zida, nyimbo ikagwa athamangira kumangoko. "Tizabathamangisa chabe," anatero. Ndinati kumeneko kuli agogo oyenda ndi ndodo, kuli amayi obereka ana kumbuyo, ndipo mnyamata woledzera akaponya mwala sasankha mutu. Anandiyankha kuti zimenezo ndikawauze a bwana.

Ndinapitadi. A Mtonga anali atakhala pa mpando pansi pa ambulera, akudya mtedza wokazinga. Ndinagwada pambali pawo monga mwa ulemu, n'kunena kuti, "Bwana, kaseti ija yavuta, tepi yadyedwa." Anaseka, natulutsa m'thumba la jekete kaseti ina yakuda, yatsopano. Anali ataitanitsa yawo kwa a Nabanda. "Nakuziba iwe, Phiri," anatero akuiika m'dzanja langa, n'kulitseka ndi dzanja lawo. "Akazi ako ali bwanji? Nyumba siidontha?" Ndinati siidontha. "Ni bwino. Mvula ili pafupi. Kwela pa lole."

Ndinakwera. Sindikudziwa kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji pamenepo ndikusintha rumba ndi kalindula, kaseti yakuda ili pamwamba pa ampu, ikutentha ndi dzuwa. Ndinaganiza zodula waya n'kunena kuti ampu yapsa, koma ndinadziwa kuti anyamata amwa kale ndipo ndodo zilipo kale. Popanda nyimbo akanangowapatsa chizindikiro china. Ndinaganiza zoliza n'kutseka maso, popeza ine sindikanaponya mwala ngakhale umodzi. Ndinaganiza za amayi anu akuberekera pansi pa nyumba yopanda denga. Ndinaganiza za nsapato zanu. Kutsidya kuja ndinkaona mipango yoyera ya amayi, ndi mayi wina atakhala chotambalala akuyamwitsa, ndi a Nyirongo ataima atagwira ambulera yotseka, akulankhula mawu amene palibe ankawamva chifukwa cha masipika anga. Pamenepo ndi pamene ndinazindikira kuti ngati nyimbo zanga zikufika kumeneko, mawu anganso angafike.

A Mtonga anaimirira, navula chipewa, nachikweza m'mwamba. Anyamata anakuwa, ena anayamba kale kusendera kulole. Fakisoni anandiyang'ana. Ndinazimitsa rumba. Bwalo lonse linakhala chete kudikira belu, kumangomveka jenereta. Ndinatenga maikolofoni, ndinapotokola ampu mpaka kumapeto, kumene a Zimba anandiletsa kufikako, ndipo ndinakuwa m'Chitumbuka cha komweko kuti amve onse: "Ŵamama uko ku mango, chimbirani! Ŵakwiza na nthonga na malibwe! Torani ŵana, chimbirani!" Ndinabwereza kuwauza kuti athawe, kuti kukubwera ndodo ndi miyala, mpaka sipika imodzi inang'ambika n'kuyamba kulira ngati mbuzi. Ndinaona mipango ija ikuimirira, ikumwazikana kulowa m'chinangwa ndi m'njira za kumidzi.

Zotsatira zake ndimazikumbuka mwa zidutswa. Wina anazimitsa jenereta. Manja anandigwira miyendo n'kundikokera pansi, ndipo ndinagwa chagada kuchokera pa lole. Ndodo zimene zinakonzedwera amayi aja zinayamba ndi ine. Ndinaphimba nkhope, ndipo pakati pa mikono ndinaona Fakisoni atakweza yake ndi manja awiri. Inatera pakhutu lamanzere. Ndinamva kulira kwakuthwa m'mutu, kenako phokoso lonse la bwalo linapita kutali. Anyamata ena anathamangirabe kumango, koma anapeza mphasa ndi mabenchi okha. Anagwira mkulu wina amene sanathe kuthamanga n'kumuthyola dzanja. Amenewo ndiwo anavulala tsiku limenelo: iye ndi ine. Amene anandinyamula ndi alimi awiri osawadziwa, pa ngolo yomwe ija inabweretsa mowa.

Ndinagona m'chipatala cha pa boma masabata angapo, nthiti zitamangidwa. Dokotala anandiuza kuti khutu lamanzere silidzamvanso. Ndikanali momwemo, malata a nyumba yathu anazulidwa. Amayi anu ananyamula katundu pamutu ndi mimba yawo, kupita kwa mayi wina wa mpingo amene anawapatsa khitchini yake yaudzu. Iwe Tiwonge unabadwira m'menemo, mvula yoyamba ikugwa. Atabwera kudzandiona ndi iwe m'manja, sanandiyamikire ndipo sanandidzudzule. Anakuika pachifuwa panga, pamene panali posathyoka, n'kunena kuti, "Mugwireni bwino. Ndatopa." Patapita zaka ndi pamene anandiuza kuti anakhala mwezi wonse atandikwiyira, ndipo sankadziwa kuti mkwiyowo autule pati, chifukwa akanakhala iwo pansi pa mango paja akanafuna wina akuwe.

A Nyirongo nawonso anabwera ndi nthochi. Anakhala kumanja kwanga atauzidwa ndi anamwino. "Yewo chomene, adada," anatero pothokoza. Kenako anandiuza zoona, kuti mawu anga ambiri sanamveke bwino chifukwa sipika inkang'ambika. Anangomva nyimbo italeka, ndi munthu akukuwa ngati nyumba ikupsa, ndi liwu limodzi loti thawani. Linakwana. Nkhani inapita kupolisi koma mboni zinasowa, ndipo inazilala. Pa chisankho a Mtonga anapambana.

1998 mpaka 1999, pa msika

Palibe wamalonda amene akanandilembanso ntchito ya disiko, ndiponso munthu wa khutu limodzi sangayeze bwino masipika awiri. Ndinakhoma tebulo pansi pa lona pa msika wa Lundazi, pakati pa ogulitsa kapenta ndi okonza njinga, n'kubwerera ku mawailesi. Zinali zaka zowawa, ndipo inu akuluakulu mukuzikumbuka. Ntchito ya zamagetsi ku mishoni, imene ndinapumira, inabwera pambuyo pake. A Nabanda ankadutsabe. Anapepesa za kaseti yakuda ija, ndipo ndinawauza kuti iwo anangogulitsa malonda. Iwo ndiwo anandibweretsera kaseti yachinayi ya Anyamata a Chigayo, yoyera, yomaliza. Mtsikana uja anali atabwerera pa nyimbo ziwiri zokha, zina zonse zinali zozizira, ngati anthu otopa amene akukambirana zogawana katundu. Pa boma palibe anaifuna. Achinyamata anali atatembenukira ku nyimbo zina. Posakhalitsa ndinamva pa wailesi kuti gululo latha, aliyense wayamba zake. Makaseti anayi m'zaka zosakwana khumi, ndiyo inali ntchito yawo yonse, ndipo sanadziwe kuti kuli malo otchedwa Magodi. Sindinawasungire mlandu. Iwo anapanga nyimbo yovinira.

Tsiku lina la msika waukulu, chakumasana, munthu anaika wailesi patebulo langa. Nditakweza maso ndinaona Fakisoni. Anali ataonda, mapewa aja atagwa, atavala malaya a mpingo wina wa mizimu. Ndinali nditamva kuti a Mtonga anamutaya chaka chomwecho atapambana. Ndinagwira sikuludiraiva molimba osadziwa kuti ndikufuna kuchita nayo chiyani. Anzanga a njinga anasiya ntchito n'kumayang'ana, chifukwa msika wonse unkaidziwa nkhaniyo. Ndinatsegula wailesiyo kuti ndipeze poika maso. Inalibe vuto lililonse. Mabatire anali atsopano, mawaya onse ali m'malo.

Fakisoni anazungulira tebulo, nawerama pafupi ndi ine, ndipo ndinaona milomo yake ikuyenda. Analankhula kanthawi ndithu, motsitsa, kuti ena asamve. Atamaliza anaima n'kumadikira yankho. Anali ataima kumanzere kwanga.

"Fakisoni," ndinatero, "uku sikumva. Ukudziwa chifukwa chake. Bwera mbali iyi, ndipo ukweze mawu, msika uli ndi phokoso."

Anayang'ana amayi a kapenta, anayang'ana okonza njinga, anayang'ana njira yotulukira pa msika. Ndinaganiza kuti atenga wailesi yake n'kumapita. Koma anayenda pang'onopang'ono kuzungulira tebulo lonse, nafika kumanja kwanga, nagwada pafumbi, n'kuyambiranso kuchokera pachiyambi.